Nyama yanga yalipira msonkho pochoka ku Germany kupita ku Germany

Loweruka lapitali ndinapsa mtima koopsa, ndipo inu anzathu a mbali ya Switzerland amene mumakonda kutiseka ife a ku Germany kuti timalandira tindalama ta maswiti, lero mundimvere kaye. Mnzanga wina wa kuntchito anandiitana kwawo ku Büsingen kuti tikaotche nyama. Ine kwathu anandilera bwino, kwa eni sindipita chimanjamanja, ndiye ndinalowa mu shopu ku Singen nkugula makilo 4, ya nkhumba ndi masoseji, kuponya m'galimoto, ulendo. Adilesi ya munthuyu ndi ya Germany, nambala ya positi 78266, boma lake ndi la Konstanz lomweli limene ndikukhala ine. Nditangodutsa Gailingen ndinapeza a kasitomu a ku Swiss ali chilili pamsewu, mwanyamula chani? Ine mosaopa, nyama bwana, ndikupita pa Büsingen pompa, ku Germany konkuno. Bamboyo osamwetulira nkomwe, akuti munthu mmodzi kilo imodzi patsiku, yapamwambayo ma franc 17 pa kilo. Makilo 3, ma franc 51. Msonkho kuposa mtengo umene ndinagulira nyamayo amwene!

Ndinafika nkhope ili gwaa, mnzanga uja nkumangoseka, akuti iwe sudziwa kuti kuno ndi Germany ya papepala chabe? Ndiye pamene nyama yodula ija imapsa, bambo ake a mnzangayo, mdala amene anabadwira momwemo ndipo makolo ake anali alimi, anayamba kundifotokozera, ndipo mmene amafotokozamo mpamene mkwiyo wanga umakwerera.

Kamudzika nkakang'ono, anthu pafupifupi 1,500 basi, malo ake masikweya kilomita 7.62, kumwera kuli mtsinje wa Rhine, kwina konseku minda ndi nkhalango. Mbali zonse kazunguliridwa ndi Switzerland, uku chigawo cha Schaffhausen, tsidya la mtsinje zigawo za Thurgau ndi Zürich, ndipo pamene payandikana kwambiri ndi Germany yeniyeniyo pali mamita ngati 700 okha. Mamita 700, mtunda woti mwana mungamutume mchere nkubwera ndiwo zisanapserere. Kwa amene simunafikeko ganizani za Likoma ndi Chizumulu, zathu ndithu koma zili m'madzi a Mozambique, kungoti ku Likoma ukanyamula usipa kuchokera ku Nkhata Bay palibe wa ku Mozambique amakuwerengera makilo.

Ndipo si kamudzi ka dzulodzulo ayi, dzina lake likupezeka kale m'makalata a mu 1090, ndipo pakaphiri kunja kwa mudzi pali katchalitchi kakale kwambiri ka St. Michael kamene kakadaimabe mpaka lero. Chimene chinasokoneza zonse ndi mkangano wa pachibale. Kalelo mudziwu unali pansi pa Austria, amene ndi Akatolika, pomwe a Schaffhausen anali atachoka kale mu Chikatolika. Mu 1693 mkulu woyang'anira mudziwu, Eberhard Im Thurn, abale ake enieni anamugwira nkumutengera ku Schaffhausen pomuganizira kuti mtima wake wapendekera ku Chikatolika, ndipo anamutsekera zaka 6. A Austria anakwiya, anapanikiza mpaka munthuyo anatuluka mu 1699, ndipo atatuluka analowadi Chikatolikacho kkkk. Koma a Austria sanaiwale. Mu 1723 pamene a Schaffhausen amagula ulamuliro wa midzi ina yozungulira, a Austria anawakaniza dala Büsingen kuti iziwawawa mpaka kalekale. Mu 1770 anagulitsanso Dörflingen ndi Ramsen kwa a Zürich, Büsingen nkutsala yokhayokha pakati ngati chitsa m'munda. Kenaka nthawi ya Napoleon inapita kwa maufumu a Chijeremani, Württemberg mu 1805, Baden mu 1810, ndiye basi nkukhala ya Germany chonchi.

Ndiye tamvani apa, pamene ine magazi anandiwira. Mu 1918 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anthu a m'mudzimu anavota, ndipo 96 pa 100 alionse anati ife tikufuna tikhale a Switzerland. 96! Ngakhale chisankho cha m'banja sichigwirizana chonchi. Koma zinakanika poti a Swiss analibe malo oti apereke kwa Germany posinthanitsa. Dziko la mabanki onse aja, kusowa kamunda koti nkusinthanitsa ndi anthu amene akukulirirani okha. Mkazi mwamukana ukwati koma ndiwo mukufuna muzimugulitsa ndinu, ndi zimene zinachitika, chifukwa pangano limene linayamba kugwira ntchito mu 1967 linaika mudziwu mkati mwa kasitomu ya Switzerland pomwe mbendera ndi ya Germany. Nthawi yomweyo kafamu kena ka Germany kotchedwa Verenahof, tinyumba towerengeka tokha, ako anakalandira bwinobwino nkukhala ka Swiss. Kakang'ono anameza, kamene kali ndi anthu ambiri ayi. Nyama yanga inafera pangano limenelo.

Zotsatira zake mukalowa m'mudzimo mutu umazungulira. Ndalama yovomerezeka ndi yuro koma aliyense akugwira franc. Nambala za positi ziwiri, 78266 ya Germany ndi 8238 ya Swiss, mafoni nawo makhodi awiri, +49 ndi +41. Magalimoto ali ndi nambala yawoyawo, BÜS, kamudzi ka anthu 1,500 kukhala ndi nambala yakeyake pomwe tauni yonse ya Singen timayendera KN ya Konstanz. Timu yawo ya mpira FC Büsingen imasewera mu ligi ya Switzerland. Mu 1980 Germany itayamba zosuntha wotchi nyengo yotentha, Switzerland inali isanayambe, ndiye mudziwu unatsata nthawi ya Swiss, kusiyana ola lathunthu ndi dziko lawo lomwe. Pali ndi malo ena odyera, Waldheim, pamene mzere wa malire unadutsa pabwalo pomwe pali matebulo, zangati pa Lizulu paja mumagula kabichi uku Malawi uku Mozambique.

Tsopano ndisakhale wabodza, pena a Swiss ndiwavulira chipewa ngakhale zikundiwawa kunena. Mdala uja anandiuza mosabisa kuti kilo imodzi imene ndikulirayo ndi imene imasunga mlimi. Alimi a ku Büsingen amayendera malamulo a ulimi a Switzerland, mkaka ndi tirigu wawo amagulitsa pa mitengo ya kumeneko, ndipo boma la Swiss limatchinga dala katundu wotchipa wakunja kuti mlimi wa ng'ombe zochepa asafe. Kuno ku Germany timasangalala ndi nkhumba yotsika mtengo mu shopu koma mafamu ang'onoang'ono akutsekedwa chaka ndi chaka, otsala ndi akuluakulu okhaokha. Ife amene tinaona makolo athu akugulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wolira nawo, mfundo imeneyi sitingaitsutse. Ndinangoti zoona bambo, kwinaku ndikutafuna soseji ya mtengo wa golide. Malipiro nawonso tisanamizane, a Swiss amalipira, ndipo basi yawo ikati 14:07 ndi 14:07, osati masitima athu a kuno amene amafika tsiku limene afuna.

Koma ndiye taonani chimene kukhala pakatiku kwachita ndi chiwerengero cha anthu. Wokhala ku Büsingen amagula zinthu pa mitengo ya Switzerland, ambiri amagwira ntchito ku Schaffhausen komweko, koma msonkho wa pamalipiro amapereka ku Germany, umene ndi wokwera kuposa wa Swiss. Inde boma la Germany limawachotserako kagawo kena kosadula msonkho pozindikira vutoli, koma sikakwanira. Ndiye wachinyamata akangoyamba kulandira bwino amawerengetsa, nkuona kuti akasamukira mudzi woyandikana nawo, mphindi zochepa pa njinga, ndalama yotsala m'thumba ikhala yambiri. Amapita. Obwera kudzalowa m'nyumbazo ambiri ndi opuma pantchito, poti kwa wa penshoni masamu ake amayenda mwina. Mapeto ake mudzi wa agogo, ukayenda masana umakumana ndi imvi zokhazokha ndi tiagalu tawo, ana owerengeka. Mnzanga yemwe anandiitanayu naye akusakasaka nyumba mbali inayo, bambo ake atamva anangoti phee kuyang'ana moto. Apa ndiye Germany nayo sindiisiya, mwagwira anthu zaka zoposa 200, anakuuzani poyera kuti sakukufunani, inu chimene mumakumbukira ndi msonkho basi.

Komabe mkwiyo wanga waukulu uli pa a Swiss, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa nonse amene munayesapo kugula zinthu ku Singen, Konstanz kapena Jestetten Loweruka. Malo oimika galimoto onse nambala za ku Swiss zokhazokha, ZH, SH, TG, matrole odzaza ngati kuli ukwati, pa tilu mzere osasuntha chifukwa aliyense akufuna kapepala koti akadinditse pa boda abwezeredwe VAT. Iwo kubwera kwathu kudzatchipitsa moyo palibe vuto, tiwamwetulire. Ine kulowa ndi tinyama tanga, osati kwawo, kungodutsa mamita 700 kupita mudzi wa dziko lomwe ndimakhoma msonkho, ndiye mlandu. Ndipo chiyambire Januwale 2025 katundu wolowa naye osalipira VAT yawo anamutsitsa kuchoka pa ma franc 300 kufika pa 150, kusonyeza kuti chipatacho akuchipanikizabe.

Mwezi wamawa atiitananso. Ndalankhula kale ndi anyamata atatu, tikwera galimoto imodzi anthu 4, aliyense kilo yake pamiyendo ndi lisiti lake m'manja, ndipo ufa wa nsima ndinyamula ine. Amene muli ku Schaffhausen mukafuna kubwera bwerani, koma zakumwa mugule ndinu, si paja mumalandira ma franc.