Ponta do Ouro kapena gombe la KwaZulu-Natal: mwezi wopitira umadalira mbali ya malire

Kuchokera pachipata cha Kosi Bay m'chigawo cha KwaZulu-Natal, pomwe dziko la South Africa lathera, kukafika ku Ponta do Ouro m'dziko la Mozambique ndi pafupi zedi. Mchenga ndi womwewo, madzi ndi omwewo, ndipo mvula ikagwa uku siisiya uko. Komabe munthu akandifunsa mwezi wabwino wopitira kunyanja yamchere, ndimayamba ndamufunsa mbali yomwe akufuna, chifukwa mayiko awiriwa amayendetsa magombe awo mosiyana kwambiri.

Za nyengo sizivuta. Madzi ofunda oyenda m'nyanja, otchedwa Agulhas, amatsika kuchokera kumpoto kutsata gombe lonseli, n'chifukwa chake ngakhale mu Julayi munthu amasamba osanjenjemera. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumatentha ndipo mvula imagwa. Chovuta ndi chinyezi: thaulo lomwe wayanika m'mawa umalipeza madzulo likadali lonyowa, ndipo usiku tulo sitibwera popanda fani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumakhala kuli mbee, masana ku Durban kumafunda pafupifupi madigiri 23, madzulo kajuzi kamodzi kakwana.

Ndiye n'chifukwa chiyani aliyense amathamangirako mu Disembala? Ndi nthawi yomwe sukulu za ku South Africa zatsekera, mafakitale ndi makampani omanga nawonso apumira. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale gombe la Durban limadzaza mpaka kusowa poponda. Koma dzikolo linazolowera khamu lotere ndipo limalikonzekera. Pamakhala anthu opulumutsa omira, mbendera zofiira ndi zachikasu zozikidwa pamchenga, ndipo ukangosambira kunja kwa mbenderazo wezulo amalira nthawi yomweyo. Ana aang'ono amawaveka kachingwe padzanja kolembedwa nambala ya foni ya kholo kuti akasochera asavute kupezeka. Zimenezi ndimazilemekeza ndi mtima wonse, chifukwa nyanja yamchere imakoka munthu mwakachetechete, ngakhale wodziwa kusambira.

Khamu lomweli likawoloka malire limapeza zina. Kuyambira mu Novembala 2018, pomwe mlatho wa Maputo–Katembe unatsegulidwa pamodzi ndi msewu watara, ulendo wochokera ku Maputo umangotenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, choncho Ponta do Ouro imalandira alendo kuchokera mbali zonse ziwiri. Koma tinjira tambiri ta m'tawunimo tikadali tamchenga, galimoto yaing'ono imatitimira, mzere pachipata umatalika, malo ogona amakwera mtengo, ndipo ndalama ya rand imayenda limodzi ndi metical ngati kuti ili kwawo. Opulumutsa omira sawoneka kawirikawiri. Wodziwa za nyanja kumeneko ndi msodzi kapena woyendetsa boti. Udzuke m'mamawa ukawaone akukankhira boti m'madzi mphepo isanayambe: woyendetsa amaima duu, injini ikulira, maso ali pamafunde, kudikira kuti akuluakulu adutse, kenaka n'kutulukira pampata. Munthu ameneyo akakuuza kuti lero usalowe kupitirira m'chiuno, umve.

Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ili ndi vuto lina, anamondwe. Dineo anawononga chigawo cha Inhambane mu Febuluwale 2017, ndipo Freddy, yemwe tonse tikumukumbukira, ku Mozambique anayamba wafikira kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023. Wokonzekera ulendo wa ku Tofo, gombe la m'chigawo cha Inhambane, miyezi imeneyi akusewera ndi ndalama zake. Kummwera, ku Ponta do Ouro ndi ku KwaZulu-Natal, anamondwe safikako pafupipafupi, koma Domoina anasefukiza mitsinje ya m'derali mu 1984, ndipo mvula ya mu Epulo 2022 inapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira. Onjezerani udzudzu. Ku Durban kulibe malungo, pomwe ku Mozambique alipo chaka chonse ndipo amachuluka nthawi yamvula.

Pomwe kusiyana kumandidabwitsa kwambiri ndi mu Juni ndi Julayi. Nthawi imeneyi nsomba za sardine zimakwera miyandamiyanda kuchokera ku Eastern Cape, mbalame ndi shaki zili pambuyo. Magombe ambiri a KwaZulu-Natal ali ndi maukonde otchinjiriza osambira ku shaki, a ku Durban anaikidwa mu 1952. Nsombazi zikayandikira, bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board limachotsa maukondewo kuti asakole nyama zina, ndipo kusamba kumaletsedwa, makamaka kugombe lakummwera monga ku Margate. Ukhoza kufika kunja kuli bwinobwino, madzi ofunda, koma chikwangwani chikukukaniza kulowa. Ku Ponta do Ouro kulibe maukonde. Madzi akumeneko anatetezedwa ndi lamulo mu 2009 ndipo tsopano ali pansi pa Maputo National Park, shaki n'chimodzi mwa zinthu zomwe osambira pansi pamadzi amalipira kuti akaone. Anangumi nawo amadutsa mbali zonse ziwiri kuyambira Juni mpaka cha mu Novembala.

Chifukwa chimodzi chokha chomwe ndingapiririre kutentha ndi akamba am'nyanja. Kuyambira Novembala amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, ndipo tiana timaswa kuyambira cha mu Januwale mpaka Malichi. Ku iSimangaliso, malo otetezedwa a kumpoto kwa KwaZulu-Natal omwe UNESCO inawazindikira mu 1999, anthu amapita kukawaona ndi operekeza ovomerezeka, ndipo tochi sayatsa mwachisawawa chifukwa kuwala kumasokoneza nyamazi.

Ine ndimasankha Meyi, tchuthi cha Pasaka chitadutsa. Mvula imakhala yatha, madzi akadali ndi kufunda kwa chilimwe, sardine sizinafike, ndipo mphepo ya mu Ogasiti mpaka Okutobala, yomwe imamwaza mchenga m'maso, ikadali kutali. Amene muli ndi ana aang'ono pitani ku Umhlanga kapena ku Ballito, kufupi ndi Durban, komwe kuli mbendera ndi wezulo. Akuluakulu ofuna bata wolokani malire, mutenge mankhwala oteteza ku malungo, ndipo mukafika mufunse kaye kwa oyendetsa maboti musanaviike phazi m'madzi.