Eni mapoloti ndi alandilodi a kuno ku Salima, tamverani mvula isanagwe

Ana anga, ine ndine munthu wamkulu ndipo kulongolola pa Facebook si khalidwe langa, koma nkhani iyi yandifika pakhosi. Ndikunena ndi inu amene munagula mapoloti kuno, kuyambira cha ku Kamuzu Road kutsika mpaka ku Senga Bay, munangozika mabikoni basi n'kubwerera ku Lilongwe, zaka zikupita osadzapondapo. Kodi mukudziwa zomwe zili pamalo panupo? Tchire lofika m'chiuno, njoka, anthu anasandutsapo dzala, majumbo ndi matewera a ana ali mbwee, ena mpaka akumadzithandizira momwemo usiku.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli poloti ya mnyamata wina, dzina sinditchula poti makolo ake ndimawapatsa ulemu. Anakumbitsa dzenje la septic tank chaka chatha, ndalama zitamuthera n'kungolisiya kukamwa yasa, osaikapo ngakhale chilata chakutha. Mvula itabwera linadzaza thoo, madzi obiriwira, udzudzu kuswana ngati wochita kuweta, makomo onse ozungulira ana kumangosinthana malungo. Tsiku lina mdzukulu wanga wa zaka 4 akuthamangitsa bakha anaterereka m'mphepete mwake, pakanapanda mayi wina amene amachokera ku mjigo kumugwira mkono bwenzi tikunena zina lero. Usiku umenewo sindinagone. Nditamuimbira mwini malo anati agogo pepani ndibwera mwezi ukatha, mpaka lero sanaoneke.

Musayese kuti izi ndi zofuna za nkhalamba chabe ayi. Lamulo la zaumoyo lija la Public Health Act lilipo kuyambira 1948, ndipo sililola mwini malo kapena wokhalapo kusunga zinthu zodwalitsa anthu pakhomo pake, kaya ndi madzi odikha oswetsa udzudzu, chimbudzi chosefukira kapena mulu wa zinyalala. A khonsolo ali ndi mphamvu yokulemberani kalata kuti mukonze pofika tsiku lakuti, mukachita matama nkhani imakathera kukhoti. Nanga mpaka mudikire kalata kuti mutchetche pamalo panu pomwe? Ganyu ya silasha ndi ndalama zingati poyerekeza ndi zomwe munagulira polotiyo?

Ndiye pali ena omanga mipanda. Munthu akuona bwinobwino kuti apa m'pamene madzi amadutsa chaka ndi chaka, iye fawundeshoni pomwepo, ngalande watseka, madzi onse akathire m'nyumba ya mnzake. N'chifukwa chake malamulo a malo ndi zomangamanga a 2016 amafuna kuti pulani iyambe yavomerezedwa musanayambe kumanga, sikuti akungofuna kukuvutitsani.

Koma amene andikhumudwitsa kwambiri ndi inu alandilodi. Zitseko 8 mwandandalika, chimbudzi chimodzi, chopanda chitseko, chiguduli chili lende, ndipo pa 1 paliponse muli pakhomo kufuna lendi osayang'anako n'komwe kuseri. Dothi lathu kunsi kuno ndi mchenga, aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti dzenje losamangira njerwa m'kati limagumuka mvula ikangolimba, chikagwa anthu onsewo azipita kuti? Kutchire ndi kunyanja, nyanja yomweyo imene tikutsukamo mbale ndi kusambitsamo ana. Mwaiwala kale kolera ya 2022 ndi 2023? Anthu oposa 1,700 anapita m'dziko muno ndipo ife a m'mbali mwa nyanja inatikwapula koopsa, maliro ake ochita kuikidwa mwachangu, osagona pasiwa, osasambitsa thupi monga mwa mwambo wathu. Ine zimene zija sindifuna kuzionanso ndi maso angawa. Alangizi a zaumoyo amanena tsiku ndi tsiku, chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, pabowo pakhale chivundikiro, panja mpondagiya ndi sopo, sopo akasowa phulusa lilipo. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Nanunso a lendi musabisale kumbuyo kwa alandilodi, kusesa pakhomo ndi kukumba dzenje la zinyalala sikulira mwini nyumba.

Yang'ananinso madenga anu, malata ongopsinja ndi miyala aja mphepo ya mvula yoyamba ikadzawanyamula amakatera pamutu pa mwana wa eni. Khomani misomali pano kudakali kouma.

Ine dzulo ndinakatula nkhani ya dzenje lija kwa amfumu ndipo andilola. Loweruka m'mawa anyamata a mudzi uno abwera ndi mafosholo, tikwirira lonse. Iwe mwana wanga mwini poloti, ndikudziwa uwerenga izi, ukafika usakalimbane ndi anyamatawo, ubwere pakhonde panga tidzakambirane.