Inu Oweta Agalu, Lekani Kunena Kuti “Saluma Ameneyo”

Eni agalu, tamverani kuno. Ndikunena inu a m'tauni amene mwamanga mipanda ya njerwa n'kulemba pageti kuti “Chenjerani ndi Agalu”, ndi inunso a kumudzi amene agalu anu amagona paphulusa n'kumadzifunira okha chakudya kudzala. Nkhaniyi yatikwana. Ana akulumidwa popita kusukulu, amayi ogulitsa masamba akuthamangitsidwa dengu lili pamutu, ndipo mwini galu akafunsidwa amangoti, “Komatu sanalumepo munthu ameneyu, kaya lero chamuvuta n'chiyani.” Chamuvuta ndinu, bambo. Galu sabadwa akudziwa kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mwana wa aneba wadzapempha mchere. Khalidwe lake amalitola pakhomo pamene akukulira.

Taonani kakhola kaja kali kuseri kwa nyumba yanu. Malata akale mbali zonse, pamwamba latanso, mkati mothina moti galu sangatembenuke bwino. Mwezi wa October dzuwa likafika paliwombo lata limatentha osagwirika, galu ali momwemo, lilime panja, wefuwefu. Mbale yamadzi inagudubuzika m'mamawa ndipo palibe wapita kukasuzumira. Pansi pali zonyansa zake za dzana, ntchentche zamudya nsonga za makutu mpaka zilonda. Munthu akakufunsani mumayankha monyada kuti, “Timamutsekera dala kuti asazolowere anthu, akhale wolusa.” Ana anga, kumeneko si kuweta mlonda. Galu amene saona anthu amaopa munthu aliyense, ndipo galu wamantha ndiye woluma kwambiri, chifukwa sasiyanitsa. Tsiku limene mnyamata wa pakhomo adzaiwale kutseka geti, amene adzakumane naye poyamba si mbava yonyamula chikwanje. Adzakhala mwana wa zaka zisanu amene msinkhu wake nkhope ili pafupi ndi kamwa la galuyo.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo kwa galu poyambapo ndi pafupi kwambiri. Kuyambira masabata 3 kufika cha m'ma 12 kapena 14, m'pamene kagalu kamaphunzira kuti dziko lino ndi lotani. Kakaona ana, agogo, njinga, nkhuku, mbuzi ndi alendo pa nthawi imeneyi, popanda woopseza, kamakula kodekha. Kakakulira mumdima, ntchito yokonza pambuyo pake ndi yaikulu ndipo nthawi zina siitheka n'komwe. Kamafunikanso kukhala ndi make mpaka masabata 8, pakuti m'kusewera ndi abale ake ndi mmene kamadziwira kuti kuluma kumapweteka. Ndiye inu mukuimitsa galimoto m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, kugula kagalu kamene anyamata akhala akukanyamula m'mwamba tsiku lonse padzuwa, kosadziwika make, kosadziwika ngati kanabayidwapo katemera. Akuuzani kuti ndi German Shepherd, inu mwakhulupirira, mwakapatsa ana kunyumba. Mukamagula, ndinu amene mukuchititsa kuti mawa akalande ena kubere.

Pali zina zimene ndimamva zimandichititsa manyazi. Wina akuthira tsabola m'chakudya cha galu. Wina akumufukizira chamba kapena kumusakanizira mu nsima, ati alimbe mtima. Wina akuuza ana kuti azimutosa ndi ndodo pa mpata wa khola kuti azikwiya. Mankhwala olimbitsa galu mtima kulibe, chimene mukuchita ndi kumudwalitsa ndi kumusokoneza mutu. Ndipo amene mukuitanitsa agalu akuluakulu monga Boerboel, Rottweiler ndi pit bull chifukwa choti mwaona kwa anzanu, dzifunseni kaye ngati muli ndi mpanda wolimba, nthawi yomuyendetsa tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zomudyetsa. Boerboel wamkulu amatha kulemera makilogalamu oposa 60. Akakoka chingwe, mwana wanu wa sitandade 5 amene mwamutuma kuti akamuyendetse sangamugwire.

Tsopano nkhani ya njala, imene ambiri mumaiyesa nzeru. Mumati galu akakhuta amagona, ndiye azikhala ndi njala kuti aziuwa usiku. Mbava zimadziwa zimenezi kuposa inu. Zimaponya kanyama kothira tameki pamwamba pa mpanda, galu wanu wanjalayo n'kumeza osanunkhiza n'komwe, pakapita kanthawi ali gone, thovu kukamwa. Galu wanjala ndiye amagwira nkhuku za eni, kuvundukula mapoto, kukumba m'dzala, ndi kuluma mwana amene wadutsa pafupi ndi mbale yake. Mlandu wa nkhuku ukafika kwa amfumu mumalipira ndalama yoposa ya usipa umene munamumana.

Nsima yokha si chakudya cha galu. Imadzaza mimba, koma thupi lake limafuna zomanga thupi zochuluka. Galu wodya mkute ndi madeya okhaokha mumamuona: nthiti zowerengeka, ubweya wothothoka, maso olowa. Sindikunena kuti aliyense azikagula matumba a chakudya cha agalu m'sitolo zikuluzikulu, ambiri sitingakwanitse. Koma phala la mgaiwa mutha kuthiramo bonya kapena usipa wotsukuluza kuti mchere uchepe, dzira lowiritsa, zam'kati zophika bwino, dzungu, mbatata yophika, masamba pang'ono. Wamkulu adye kawiri pa tsiku, kagalu katatu kapena kanayi, pang'onopang'ono. Madzi oyera asamasowe usana ndi usiku.

Ndipo si zonse zotsala pa mphasa zimene zili zabwino kwa iye. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka, amatha kuima pakhosi kapena kuboola matumbo. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu, choncho msuzi wodzaza anyezi uja musamamukhuthulire tsiku ndi tsiku. Chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa iye. Panado ndi Brufen zimene mumamumwetsa akafooka zitha kumupha, ndipo oyilo wakuda wa galimoto amene mumamupaka pa mphere amamuwotcha khungu, kenako amanyambita n'kumeza. Alangizi a ziweto alipo m'madera mwathu, afunseni za mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba.

Choopsa china chimene anthu sachiwerengera ndi chuku. Chimanga chikavunda m'nkhokwe kapena m'thumba, mtedza ukachita nkhungu, mumati, “Anthu sangadye izi, kapatseni agalu.” Mu chuku mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Kwa anansi athu ku Zambia, mu August 2024, nduna ya zaumoyo Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu, ndipo ufa wina wa pamsika unapezeka nayenso. Imfa za agaluwo ndi zimene zinadzidzimutsa anthu kuti ayambe kuunika ufa umene iwo eni amadya. Ngati madeya akununkha chinyezi, achita mawanga obiriwira, tayani. Musapatse galu, musapatse nkhuku.

Za kuphunzitsa, ambiri mumangodziwa chikwapu. Galu watafuna nsapato m'mawa, inu mwabwera madzulo, mwamukoka khutu n'kumukwapula. Iye sakudziwa kuti mukumumenyera nsapato. Chimene waphunzira n'choti bambo akamalowa pageti kumabwera ululu. Ena mumamuitana mokoma, “Bruno, bwera,” akafika n'kumumenya, mawa mukudabwa kuti mukamuitana akuthawa. Galu amagwirizanitsa chinthu ndi chimene chachitika nthawi yomweyo. Ndiye tengani tiusipa m'dzanja, muime naye pabwalo mphindi zisanu kapena khumi. Kwezani dzanja pamwamba pa mphuno yake, mutu ukapita m'mwamba matako amatsika okha. Akangokhala pansi nenani “khala” n'kumupatsa kausipa pomwepo, osachedwa. Mawa chimodzimodzi. “Bwera”, “siya”, “gona” amaphunzira mwa njira yomweyo, ndipo nyumba yonse igwiritse ntchito mawu amodzi, osati bambo “khala”, mayi “sit”, ana kumangokuwa. Pa mawu onsewa, “bwera” ndi “siya” ndiwo adzapulumutse mwana wa eni tsiku lina.

Galu akamadzuma, musamumenye. Kudzumako akunena kuti, “Ndasowa mtendere, tandipatukani.” Mukamuletsa ndi ndodo, adzasiya kuchenjeza, azingoluma mwakachetechete. Fufuzani chimene chikumuvuta. Mwina ali ndi bala, mwina ana akumukwera pamsana, mwina wakhala pa tcheni sabata yathunthu osatambasula miyendo. Amene amauwa usiku wonse, kukumba maenje ndi kutafuna zovala pachingwe, kawirikawiri ndi wosungulumwa amene alibe chochita. Muyendetseni pachingwe m'mawa kapena madzulo, mudzaona kusintha.

Makolo, ananso aphunzitseni. Galu akamadya, akagona, kapena akakhala ndi ana ake, asamuyandikire. Asamagende agalu panjira. Galu wachilendo akawathamangira asathawe, aime chilili, manja apinde pachifuwa, asamuyang'ane m'maso. Akagwa pansi adzipinde n'kuphimba nkhope ndi khosi.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, munthu kuopa madzi, kutuluka dovu, kubwebweta, palibenso dokotala amene angamubweze. Kuno kwathu si nkhani yakutali. Imfa za ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zimene zinachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe kubaya agalu katemera mumzindawu mu 2015, ndipo ku Lilongwe a bungwe losamalira nyama la LSPCA akhala akugwira ntchito yomweyo limodzi ndi a boma oona za ziweto. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, matendawa amasiya kufala. Katemera wa pa kampeni amakhala waulere, amalengeza ndi zimkuzamawu, amaika malo pasukulu pafupi ndi kwanu. Koma inu muli pabawo, mukuti, “Katemera amafooketsa galu, sadzathanso kusaka.” Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Ena mumati, “Wanga satuluka kumpanda,” ngati kuti agalu oyendayenda salowa pansi pa geti nthawi imene wanu wamkazi ali pa nyengo yake. Kagalu kakakwana miyezi itatu kabayitseni, muzibwereza monga akuuzirani a zaziweto, ndipo kakhadi ka katemerako kasungeni pamodzi ndi makhadi a kusikelo a ana.

Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pa chaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha. Ngati simungathe kusamala ana akewo, pitani naye akamutseke, wamphongo akamufule. Kukataya tiagalu kumsika kapena kumtsinje mu katoni ndiko kukuchulukitsa agalu opanda mwini amene akusautsa m'makwalala.

Tsoka likagwa, munthu walumidwa kapena wakandidwa, musayambe ndi kukangana za amene walakwa. Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muwerenge pa wotchi kapena pa foni. Musathirepo tsabola, mchere, dothi, kapena ubweya wowotcha wa galuyo monga ena amachitira. Kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati kukanda kwa minga, ndipo jekeseni akayamba mumalize onse pa masiku amene akupatsani. Mwana amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa, choncho muuzeni lero kuti akadzanena simudzamumenya.

Inu mwini galu, pa nthawi ngati imeneyi musabise galu, musaname kuti anabayidwa pamene khadi mulibe. Musathamangirenso kumupha n'kukamukwirira usiku kuti nkhani ithe. Mutsekereni pamalo otetezeka, muzimupatsa chakudya ndi madzi, a zaziweto amuyang'anire kwa masiku 10, chifukwa mmene galuyo akhalire pa masiku amenewo zimathandiza achipatala kudziwa chochita ndi wolumidwayo. Ngati wayamba kuluma chilichonse, kutuluka dovu, kusintha mawu kapena kupuwala miyendo, musamugwire ndi manja, itanani a zaziweto msanga. Ndalama ya thiransipoti ya wolumidwayo tulutsani ndinu, osadikira kuti akudandaulireni.

Mafumu ndi atsogoleri a m'mabuloko, pa msonkhano wotsatira funsani khomo lililonse loweta galu kuti libweretse khadi la katemera. Amene alibe, alembedwe maina, ndipo mlangizi wa ziweto auzidwe kuti abwere tsiku liti.