Musanang'ambe buku la mwana, yambani mwaliwerenga

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Loweruka koma mtima wakana, ndiye ndilembe basi. Wokwiya akwiye.

Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 3. Loweruka masana anapita kukwaya kutchalitchi kwathu kuno ku Ntcheu, chakumtunda kuno kufupi ndi Lizulu. Tchalitchi sinditchula, munthunso sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Poona kuti anzake akuchedwa, mwanayu anakhala pakhonde n'kutulutsa buku la kusukulu, Macbeth, poti Lolemba anali ndi mayeso. Kenaka kutulukira mkulu wina wa mpingo. Kungoona chithunzi chapachikuto, amayi atatu atazungulira mphika, basi n'kumulanda. Sanamufunse kuti muli nkhani yanji. Sanatsegule ngakhale tsamba limodzi. Analing'amba pakati ana anzake akuonerera, amvekere mwanayu wabweretsa za ufiti pamalo opatulika. Mwanayo anafika kwathu maso ali psuu, zidutswa za buku atazikulunga m'chitenje, n'kundifunsa kuti, "Amalume, kodi ine ndalakwa chiyani?"

Bukulo n'lobwereka kusukulu. Ndiye kuti mchemwali wanga, amene ndalama yake imachokera ku kachewere ndi kabichi wa kudimba, alipire.

Lamulungu titaweruka ndinawatsatira mkulu wa mpingo uja. Ndinati, "Abambo, buku munang'amba lija munaliwerengapo?" Iwo akuti, "Sindingachite kumwa chiphe kuti ndidziwe kuti n'chiphe." Ndinati, "Chabwino, nanga muli zotani?" Akuti, "Ndinamva kuti ndi la mfiti." Ndinamva! Munthu wamkulu, woti timamuimirira akamalowa, kuweruza mlandu ndi mawu oti ndinamva. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chimene chikundiwawa n'chimodzi: kuweruza buku lomwe sunaliwerenge, n'kumati n'chikhulupiriro. Amenewo ndi mantha, ndipo mantha amenewa tikuwaveka jekete n'kuwakhazika kutsogolo kwa tchalitchi.

Poti abambowa sanafune kutsegula, ndiwatsegulire ine. Macbeth ndi msilikali wolimba mtima, wokondedwa ndi mfumu yake Duncan. Mfiti zitatu za pachikuto zija zimunong'oneza kuti adzakhala mfumu. Mawuwo agwera pamtima womwe unali kale ndi dyera, mkazi wake n'kusonkhezera moto, mpaka apha mfumu ija itagona m'nyumba mwawo ngati mlendo. Ndiye tamverani chimene chinandigwira ine pamene ndinkaliwerenga ndili mnyamata: atangopha, munthuyu akuuza mkazi wake kuti anamva wina akupemphera, iye anafuna kuvomera kuti Ameni koma mawuwo anamukanirira pakhosi. Wochimwa amene pemphero lamukana! Pambuyo pake mkazi uja ayamba kuyenda kutulo usiku, akupukuta m'manja magazi omwe wina aliyense sakuwaona, ndipo sakuchoka. Malonjezo a mfiti aja, onse anali misampha, ndipo munthuyu afa atataya zonse. Ndiuzeni, ulaliki uti womwe munaumva chaka chino umene unaonetsa malipiro a uchimo momveka kuposa pamenepa? Buku lochenjeza mwana kuti asamvere mfiti, inu mwaling'amba chifukwa muli mfiti.

Ndipo abambo omwewa ndi amene amanyadira kuti Baibulo lenileni la Chingerezi ndi King James basi. Kodi akudziwa kuti King James yemweyo, amene analamula kuti Baibulo lija limasuliridwe n'kutuluka mu 1611, ndi amenenso ankasamalira gulu la zisudzo la Shakespeare, mlembi wa Macbeth, ndipo bukuli linalembedwa mfumuyi ili pampando? Sakudziwa. Adziwa bwanji osawerenga?

Ngati kutchula mfiti n'kokwanira kuti buku ling'ambidwe, yambani ndi 1 Samueli 28, pomwe Sauli anadzizimbaitsa usiku kupita kwa mayi wobwebweta wa ku Endori. Ng'ambaninso 1 Mafumu 21, poti Yezebeli, mkazi wa mfumu Ahabu, akukonza chiwembu kuti Naboti aphedwe chifukwa cha munda, chimodzimodzi mkazi wa Macbeth. Simungang'ambe, chifukwa pamenepo munawerenga ndipo mukudziwa kuti kufotokoza tchimo si kulivomereza. Nanga nzeru yomweyo imathawira kuti mukaona buku lina?

Ine ndimadabwa kuti chikhristu choopa pepala tinachitenga kuti. Kwa atumwi ayi. Paulo ataimirira ku Atene, pa Machitidwe 17, anagwira mawu a alakatuli a Chigiriki, anthu osapembedza Mulungu wa Israeli, n'kulalikira nawo. Anawadziwa bwanji ngati sanawawerenge? Paulo yemweyo ali m'ndende, imfa ikununkha, akulembera Timoteo kuti pobwera amutengere chofunda chimene anasiya ku Trowa, ndi mabuku, makamaka zikopa zija. Munthu woti aphedwa, akuitanitsa mabuku! Mose anaphunzira nzeru zonse za Aejipito. Danieli anaphunzitsidwa mabuku ndi chinenero cha Akasidi, koma ndi yemweyo amene anakana kusiya kupemphera mpaka kuponyedwa m'dzenje la mikango. Kuwerenga sikunamulande Mulungu wake.

Augustine, amene Akatolika ndi Achipresibeteriya tonse timamutcha tate wa mpingo, anali wa mu Africa mom'muno, anabadwira ku Thagaste, dziko lomwe lero ndi Algeria, mu 354. Mwini wake analemba kuti chimene chinayamba kuutsa mtima wake kufunafuna nzeru yeniyeni, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 19, linali buku la Cicero, Mroma amene anafa Yesu asanabadwe. Mayi ake Monica anamulirira zaka zambiri m'mapemphero, ndipo Mulungu anayamba kumukoka kudzera m'buku la munthu wachikunja. Akanakhala mwana wa kutchalitchi kwathu kuno, bwenzi bukulo litang'ambidwa pakhonde.

Wina andiuza kuti, "Koma achimwene, mabuku oipa alipo." Alipo, sindikukana. Ku Efeso anthu anatentha mabuku a matsenga a ndalama zasiliva 50,000, zili pa Machitidwe 19. Koma taonani amene anatentha: eni ake, amene ankawagwiritsa ntchito, amene ankadziwa bwino zomwe zinali m'katimo. Sanachite kulandidwa ndi munthu wongodutsa amene waona chikuto. Ukafuna kuletsa mwana buku, khala naye pansi, tsegula, muonetse tsamba n'kumuuza kuti apa ndi pamene pali bodza, ndipo Malemba akuti chakutichakuti. Kumeneko ndiye kuweta nkhosa. Koma kulanda, kung'amba, kuchititsa mwana manyazi pamaso pa anzake, iwe osadziwa ngakhale dzina la munthu mmodzi wa m'nkhanimo, kumeneko n'kuzunza, ndipo ndikunena mosapsatira.

Kaya n'kusowa kwa mabuku m'midzi mwathu, kaya ndi timauthenga ta pa WhatsApp toti chilichonse n'chasataniki, izo adziwa okha.

Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mipingo yathu ino inabwera ndi buku m'manja. Agogo athu ankayamba aphunzira kuwerenga asanabatizidwe. Mmishoni William Murray ndi anzake, pamodzi ndi Amalawi omwe ankawathandiza, anatha zaka zambirimbiri akumasulira mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni, analemba Nthondo, nkhani ya munthu kuyambira kubadwa mpaka imfa, zoipa zake osazibisa, ndipo bukulo linasindikizidwa ndi amishoni omwewo ku Nkhoma mu 1933. Iwo sanaope kuti mwana akawerenga za munthu wochimwa achimwa. Lero zidzukulu zawo tikuthamangitsa mwana chifukwa wagwira buku. Tabwerera m'mbuyo, abale anga, ndipo tikuombera m'manja.

Ine chikhulupiriro changa mabuku anachilimbitsa. Bambo anga atamwalira ndinatha miyezi osatha kupemphera. Chimene chinandidzutsa ndi buku la John Bunyan, munthu wokhoma ziwiya amene anakhala m'ndende ku Bedford zaka 12 chifukwa chokana kusiya kulalikira. M'buku lake la ulendo wa Mkhristu, lomwe linatuluka mu 1678, muli chimphona chomwe dzina lake ndi kutaya mtima, chimatsekera apaulendo m'chipinda chamdima n'kumawamenya, mpaka mmodzi akumbukira kuti ali ndi kiyi pachifuwa, kiyi wa lonjezo. Ndinalira ndili ndekha. Muli ziwanda m'bukumo, muli chilombo chamapiko, muli zimphona. Abambo aja akanaona zithunzi zake akanang'ambanso.

Tsono mwana uja akuti kukwaya sapitanso. Mwamva? Mfiti za Macbeth sizinamuchotse m'tchalitchi. Wamuchotsa ndi mkulu wa mpingo. Ndipo ana ena onse amene anaonerera aphunzirapo kuti sukulu ndi Mulungu n'zosayenderana, kuti uyenera kusankhapo chimodzi. Mawa akadzapita ku koleji n'kukumana ndi munthu wowafunsa mafunso olimba, adzayankha chiyani, poti tinawaphunzitsa kuthawa basi? Kenaka tidzayamba kudandaula kuti ophunzira amasiya mapemphero.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi izi. M'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi komweko muli kabati ya mabuku yomwe anatisiyira akuluakulu akale. Ine ndikukula ndinkabwereka m'menemo. Lero ndi yokhoma, kiyi sadziwika ali ndi yani, ndipo mwezi watha nditasuzumira pagalasi ndinaona chiswe chitamanga njira mpaka shelefu yapamwamba. Palibe amene zikumukhudza. Pamsonkhano timakambirana za matailosi, za masipika atsopano, za yunifolomu ya kwaya, koma za kabati ija ndikangoyamba akuti nthawi yatha. Pomwe timabuku tonyezimira ta aneneri tija, toti ukafesa mbewu ulemera pamasiku 7, tikuyenda m'manja mwa amayi athu momasuka, ena mpaka kugulitsa nkhuku kuti agule, ndipo sindinaonepo mkulu wa mpingo aliyense atang'amba ngakhale kamodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Buku la mwana alipire ndi amene anang'amba, osati mchemwali wanga. Ndipo kiyi wa kabati ija ndikumufuna Lamulungu likubwerali.