Pa nkhani ya aphunzitsi opuma ntchito aja

Zikomo alembi potibweretsera mbiri ya bambo aja, mphunzitsi wopuma ntchito, m'nkhani imene munalemba ija. Munthu kumaliza folomu 4 m'zaka za m'ma 1970, kukachita maphunziro a uphunzitsi, nkugwira choko mpaka kukwanitsa zaka 60 zopumira ntchito, si zamasewera ayi. Mwati pano akuweta njuchi, amalima kudimba, ndipo madzulo amakhala pa bawo ndi anzawo. Zandisangalatsa kwambiri.

Koma gawo la chaka cha 1994 mwalidutsa mothamanga. Boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika kupitirira 3 miliyoni. Mbadwo wa aphunzitsi awa ndi umene unasenza katundu ameneyu. Mayi anga analinso mphunzitsi nthawi imeneyo. Ankaphunzitsira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, mvula ikayamba ana nkubalalika. Usiku ankachonga makope ndi nyali ya koloboyi, ife tikugona, m'mawa nkudzuka kutiphikira phala. Pa malipiro ochepa omwewo anatiphunzitsa tonse, kuphatikizapo ana amasiye a achemwali awo.

Chimene chimandipweteka n'choti atapuma, ndalama zawo za penshoni zinachedwa, moti ankabwereka ndalama ya basi kuti akafunse za fayilo yawo.

Mukadzawayenderanso bambowa, mudzawafunse kuti uchiwo amagulitsa kuti komanso ming'oma anayamba ndi ingati. Mayi akufunitsitsa kuyamba ulimi wa njuchi, koma alibe wowaphunzitsa.