Musanadule Jeep yakale ija, yambani mwawerenga buku lake

Anzanga okonda magalimoto akale muno mu Lusaka, ndili nanu mawu. Munthu akangopeza chi Jeep chakale chitakhala pa njerwa pafamu ina ku Chongwe kapena ku Chisamba, kapena chitafunditsidwa malata kuseri kwa garaja ku Chinika, maganizo oyamba amakhala a injini ya Toyota. Sabata isanathe galayinda yalira, tchesisi yadulidwa, wowotcherera wamaliza zake, injini yakale yapita kwa ogula sikirapu pa mtengo wa kilo. Apo m'pamene mwini wake amayamba kufunsa pa Facebook kuti kodi galimoto yangayi ndi ya chaka chanji. Yankho lake linali pa intaneti nthawi yonseyi, laulere, bandulo ya tsiku limodzi yokha.

Ambiri akamva za intaneti amathamangira ku YouTube ndi kumasitolo a masipeya. Kwa ine chuma chenicheni chili m'mabuku amene asilikali a America analembera magalimotowa. Pali TM 9-803 ya 1944, yofotokoza kayendetsedwe ndi kasamalidwe ka Willys MB ndi Ford GPW, mitundu iwiri ya Jeep ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Pali TM 9-1803A ya injini ndi kilachi, TM 9-1803B ya giyabokosi, madifu, bodi ndi tchesisi, ndiponso SNL G-503 yomwe imatchula chitsulo chilichonse ndi nambala yake. Popeza ndi zolemba za boma la America, palibe amene amakulipiritsa ukazikopera, ndipo pa Internet Archive zina mwa izo zilipo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anazilembera mnyamata wongolowa kumene usilikali, wina woti sanagwirepo sipanala chibadwire. Chingerezi chake n'chosavuta, zithunzi n'zambiri, ntchito iliyonse yaikidwa mwa ndondomeko yake. Pitani nazo m'tauni akakusindikizireni, azimange ngati buku, mukapatse a mdala amene akukonzerani galimoto. Makanika wathu wakale amadziwa injini ndi khutu, koma khutu silingamuuze kuti mapoyinti atalikirane 0.020 ya inchi, mapulagi 0.030, ndipo masilinda aziwomba motsatana 1-3-4-2. Mukamupatsa manambala amenewo pamwamba pa luso lake, injini ya zaka 80 imalira bwino kuposa mmene mumaganizira.

Koma musanafike kumeneko, dziwani kaye chimene muli nacho. Mu 1940 asilikali a America anafuna kagalimoto kopepuka koyenda ndi mawilo onse anayi, ndipo kampani yaing'ono ya American Bantam ya ku Butler, Pennsylvania, ndiyo inayamba kupereka kachitsanzo m'masiku 49 okha. Ntchito yaikulu inagwera Willys-Overland ya ku Toledo chifukwa cha injini yake ya Go Devil, ya malita 2.2 ndi mphamvu 60 hp. Ford inalowanso kupanga yofanana nayo. Pofika 1945 Willys inali itapanga pafupifupi 360,000, Ford pafupifupi 280,000. Ukaziona patali ndi mapasa, koma pansi zimasiyana. Gwadani kutsogolo muyang'ane chitsulo chopingasa pansi pa radiyeta. Cha Willys n'chozungulira ngati paipi, cha Ford n'chopindidwa ngati U wozondoka. Ford inkadinda chilembo F pa zitsulo zake zambiri, mpaka pamitu ya mabawuti. Timapuleti ta nambala ndi tsiku lotulukira kufakitale timakhala pachitseko cha kabokosi ka pa dashibodi, ndipo nambala ya tchesisi ya Ford inadindidwa pamwamba pa njanji ya kumanzere, chakutsogolo. Malo amenewo ndi omwewo amene wowotcherera amakonda kupera akamakhazika injini yachilendo. Nambala ikapita, mbiri ya galimotoyo yapita nayo, ndi mtengo wake womwe.

Kunena zoona, zambiri zimene anthu amazitcha "Jeep ya nkhondo ya Hitler" si za nkhondoyo ayi. Werengani mipata ya pa girilo. Ya nkhondo nthawi zambiri ili ndi mipata 9 ndi nyali zazing'ono zobisala mkati, ndipo ilibe chitseko cha kumbuyo. Ikakhala ndi mipata 7, nyali zazikulu ndi chitseko kumbuyo, mwina ndi CJ-2A, ya anthu wamba, yoyamba mu 1945. Ikakhala ndi boneti yaitali m'mwamba ndi ya mtundu wa CJ-3B wa 1953, umene Mahindra ku India ndi Mitsubishi ku Japan anapitiriza kupanga kwa zaka zambiri. Palinso M38 ya nthawi ya nkhondo ya ku Korea, ya magetsi a 24 volts, ndi Hotchkiss M201 imene Afalansa anapanga nkhondo ya Hitler itatha, yofanana kwambiri ndi MB moti ngakhale azungu amapusitsidwa nayo. Sindikunyoza Mahindra, ndi galimoto yolimba yoti ingakufikitseni ku Petauke ndi kubwerako. Ndikungoti musalipire mtengo wa Willys ya 1943 pa Mahindra yopakidwa penti wobiriwira, komanso musagulitse Ford GPW yeniyeni pa mtengo wa zitsulo.

Tsopano pali mbali ina ya intaneti imene sindigwirizana nayo. Magulu ambiri a okonza ma Jeep ali ku America, Britain, France ndi Netherlands, ndipo nkhawa zawo si zathu. Anthu amakangana masiku angapo za mtundu weniweni wa penti wobiriwira wa 1942, kapena ngati bawuti ya pa bampala iyenera kukhala ndi F. Wina akaonetsa galimoto yokhala ndi altaneta m'malo mwa jenereta amamuseka ngati walakwira makolo. Iwowo sipeya akaiitanitsa lero, Lachinayi yafika pakhomo. Ife tikaitanitsa timalipira madola, ndege, msonkho, ndi kudikira mwezi, nthawi zina katunduyo n'kufika wosakwana pamalo pake. Tengani nzeru zawo, mpikisano wawo muwasiyire. Mavidiyo nawonso amanyenga, ntchito ya zaka zitatu amaionetsa m'mphindi 20 ndi kanyimbo kokoma, munthu n'kumasula galimoto yonse Loweruka limodzi, mabawuti onse m'ndowa imodzi, kenako chitsulo chimakhala pabwalo mpaka mayi a kunyumba atayamba kuyanikapo zovala.

Ife tili ndi mwayi umene iwo alibe. Bodi ya Jeep ndi malata osalala opindidwa m'makona, inapangidwa dala kuti ikhale yosavuta. Ku Philippines kampani ya MD Juan imapanga mabodi atsopano athunthu, ndipo azungu amaitanitsa kumeneko. Koma pansi podyeka ndi dzimbiri, kapena pamene pamakhala thanki ya petulo kunsi kwa mpando wa dalaivala, anyamata owotcherera a ku Kalingalinga kapena ku Garden angathe kupinda ndi kulumikiza bwinobwino mukawapatsa miyeso ndi zithunzi, n'kukhala nawo pomwepo akamagwira. Ndalama zakunja zisungireni zimene sizingasulidwe kuno: masilinda a mabuleki, zamkati mwa kabureta, mabeyaringi, magasiketi, ndi timphete ta mkuwa ta m'giyabokosi ya T-84. Gulani kwa ogulitsa amene anthu ambiri akuwachitira umboni. Uja wokulemberani ku inbox kuti ali ndi chilichonse pamtengo wotsika, bola mutumize ndalama lero, musamuyankhe n'komwe.

Tina ndi ting'onoting'ono koma timapha galimoto, ndipo tonse tinalembedwa kale. Mabawuti ake ndi a mainchi, choncho sipanala ya 13 pa mutu wa hafu inchi imaoneka ngati yalowa koma ikudya makona. MB ndi GPW ndi za 6 volts, ndipo anthu ambiri amati 6 volts n'njofooka pamene vuto lili pa mawaya a batire. Mawaya opyapyala a galimoto ya 12 volts sangapititse moto wokwanira, pafunika onenepa, ndi ethi yoyera bwino. Giya wani ilibe sinkro (kamphete kothandiza giya kulowa mosakhulana), ndiye kulira kwake mukalowetsa galimoto ikuyenda si matenda. Pa mafuta a giyabokosi, amene akhala nazo nthawi yaitali amachenjeza kuti GL-5 ina imadya mkuwa, amasankha GL-1 kapena GL-4. Ndipo musaiwale kuti chiwongolero chili kumanzere, mabuleki ndi a dramu, lamba mulibe, zitseko mulibe. Ndi galimoto ya Lamlungu masana ndi misewu yafumbi, si yolimbirana malo ndi maminibasi pa Great East Road nthawi yoweruka.

Kodi injini ya Toyota ndi tchimo? Ayi. Ngati injini yakale inang'ambika buloko ndipo galimotoyo ndi Mahindra yoti izinyamula chimanga, ikani dizilo muziyenda. Ngakhale Land Rover yoyamba ija, imene inatuluka mu 1948, chitsanzo chake anachimanga pa tchesisi ya Jeep, ndiye kusakaniza sikunayambe ndi ife. Pempho langa ndi lakuti pa MB kapena GPW yeniyeni, chilichonse chimene mwasintha chikhale chomangidwa ndi mabawuti, choti wina angachimasule mawa, ndipo chimene mwachotsa muchisunge m'nyumba.

Chomaliza chimene chimandipweteka ndi penti. Pafupifupi aliyense amatengera zithunzi za nkhondo ya ku Normandy, ku France, n'kulemba pa bampala manambala a magulu a asilikali a America amene agogo athu sanawaonepo. Chonsecho asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo yomweyo ku Somaliland, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo ma Jeep amene Britain inalandira kuchokera ku America anali komweko m'matope a ku Burma. Mayina a malo a nkhondoyo tili nawo pakhomo: Arakan Barracks ndi Burma Road muno mu Lusaka, Tug Argan ku Ndola, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe, Gondar ku Chipata. Pa Normandy intaneti yadzaza, pa anthu athu muli zochepa kwambiri, ndipo palibe mzungu wa ku Ohio amene adzatilembere. Amene muli ndi zithunzi za agogo atavala yunifomu, makamaka ataima pafupi ndi galimoto, zijambuleni bwino ndi foni muziike pa intaneti. Onetsetsani kuti manambala a pa boneti ndi zizindikiro za pa bampala zikuwerengeka.