Ana inu, Space Invaders si gemu yoseka

Dzulo ndinapsa mtima zedi. Ndili pakhonde ndikusewera pa foni Space Invaders, gemu yakale yowombera tizilombo totsika kuchokera pamwamba pa sikirini, mwana wa achemwali anga anasuzumira n'kuyamba kuseka. Akuti, "Ankolo, timadontho timeneti ndiye gemu? Izi n'za agogo." Ndinamupatsa foniyo kuti ayese. Sanathe mphindi ziwiri, tizilombo tinali titamutsikira kale. Koma kusekako sanasiye.

Mukunyoza chinthu chomwe simukuchidziwa. Gemu imeneyi inatuluka mu 1978 ku Japan, ku kampani ya Taito, ndipo anaipanga ndi munthu mmodzi, Tomohiro Nishikado. Mmodzi! Tizilomboto anajambula yekha, pulogalamu analemba yekha, ngakhale makina oyendetsera gemuyo anachita kulumikiza yekha. Pafupifupi chaka chathunthu ali pa ntchito imeneyi. Nanga iwe wosekawe unapangapo chiyani?

Tizilombo timakhala 55, mizere isanu. Ukamatiwombera, totsalato timayamba kuthamanga, kakulira kaja ka dum dum dum dum nakonso kamafulumira mpaka mtima kugunda nako limodzi. Liwiro limenelo linabwera chifukwa purosesa ya Intel 8080, ubongo wa makinawo, inkapepukidwa tizilombo tikachepa, Nishikado ataona anangozisiya choncho. Kufooka kwa makina anakusandutsa kukoma kwa gemu. Nzeru zimenezo n'zoseka? Sikirini inali yakuda ndi yoyera basi, mitundu ankachita kumata timapulasitiki pagalasi, koma anthu ankaima pamzere ndi makobidi m'manja.

Gemu ya Galaxian ya kampani ya Namco inabwera mu 1979, Galaga mu 1981, onsewo anadutsa njira imene Space Invaders inalambula. Mu 1980 Space Invaders italowa mu Atari 2600, makina osewerera magemu kunyumba, anthu ankagula makinawo chifukwa cha gemu imodzi yomweyi. Ndiye wina wobadwa dzana lomweli azinena kuti timadontho? Mwina vuto ndi lathu, sitinawauze. Komabe ulemu sulira sukulu.

Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Magemu anu owalawo ndawaona. Usanawombere chipolopolo ngakhale chimodzi, otsatsa malonda akudzadzira sikirini yonse. Ukafuna mfuti yabwino akuti lipira. Ukafa akuti lipira kuti udzuke. Intaneti ikangoduka gemu yaima, ndipo bandulo imene imathera pamenepo ndi yanga, chifukwa mwana yemweyu madzulo aliwonse amabwera kuti "Ankolo, tandiyatsireni hotspot." Lero asayerekeze.